KAUNDULA WA ZOWERENGA ZA MWEZI

Mlimi wanzeru akakolola amawerenga madengu amene alowa m'nkhokwe, kuti adziwe ngati banja lake lidzafika nayo masika. Koma ambiri a ife timawerenga mabuku monga munthu wotunga madzi ndi lichero: titseka buku lero, mawa sitikumbuka kanthu. Chifukwa chake tikupemphani kuti nyumba iliyonse ikhale ndi kope limodzi lolembamo zowerenga za mwezi.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Pa tsamba lililonse mulembe zinthu zinayi: tsiku, dzina la buku ndi mlembi wake, masamba amene mwawerenga, ndiponso mau amene mtima wanu wayankha. Chachinayichi ndicho chachikulu, pakuti chimasonyeza ngati mwadya kapena mwangonunkhiza. Musanyoze kuchepa kwa nthawi: masamba 3 madzulo alionse, pa masiku 30, akwana masamba 90. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kuti muone chitsanzo, nazi zimene ife tidalemba mwezi wathawu.

Masabata awiri oyamba tidawerenga Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Bukuli lidapambana mphotho mu 1933, ndimo T. Cullen Young adalitembenuza m'Chingerezi, nalitcha Man of Africa, mu 1934. Lisimba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake: mnyamata wakuba ndi wovuta, amene adayenda kutali kukafuna ntchito, nabwerera kwawo, nalowa ufumu, natembenuka mtima potsiriza. Ife tidalemba kuti mlembiyu adziwa mudzi ngati chikhatho chake. Koma tidalembanso funso limene silidatipatse tulo: munthu akatembenuka atakula, nanga aja adawabera, adzawabwezera ndani? Funsoli tidalisiya pansi pa tsamba, kuti tidzalionenso mwezi wamawa.

Masabata otsalawo tidatenga Mbiri ya Achewa, buku la Ntara yemweyo, limene nkhani zake zambiri adazitola pakamwa pa akuluakulu. Tidawerenga mokweza za Kalonga, za Aphiri ndi Abanda, ndi za Makewana wa ku Msinja. Apa gogo wina wosadziwa chilembo adadula mau, nati makolo ake sadamuuze choncho. Sitidamtsutse; tidalemba mau a buku mbali ina, mau a gogoyo mbali inanso. Mwa ichi kope lathu lidasunga chinthu chimene sichili m'buku lililonse, chimene chikadapita kumanda pamodzi ndi mwini wake.

Onani tsono phindu la kaundulayu. Choyamba, amatiphunzitsa kuweruza. Si zonse zosindikizidwa zili zoona kapena zabwino, ndimo munthu amene azolowera kulemba kuti “apa ndavomera, apa ndakana” sanyengedwa msanga ndi pepala lililonse lofika m'mudzi. Chachiwiri, amasonyeza makolo chimene chikulowa m'mitu ya ana awo. Mayi sapatsa mwana chakudya chimene iye sadachione. Nanga bwanji za chakudya cha nzeru? Chachitatu, amasunga mtendere: lembani dzina la wobwereka buku ndi tsiku lake, pakuti mabuku ndi odula, ndipo chibale chambiri chazirala chifukwa cha buku losabwezedwa.

Inu amene simudziwa kulemba, musadzipatule. Mwana awerenge, inu munene maganizo anu, iye alembe. Motero mwanayo adzakhwima pa kuwerenga, nadzaphunziranso kumvera akulu.

Pa tsiku lotsiriza la mwezi, mukatha kudya nsima, sonkhanani pa nyali, muwerenge zonse mudalembazo, musankhe pamodzi buku la mwezi wotsatira. Ngati m'nyumba mulibe lina, sinthanani ndi anansi anu, kapena funsani aphunzitsi a kusukulu. Gulani kopelo sabata ino, mwana wamkulu alembe tsiku loyamba.