Iwo Akufuna Kamphepo, Ife Tikutha Minda

Mwezi wa Okutobala ukafika, mzinda wa Tete sukhalika. Dzuwa limaswa mtengo, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo aliyense amene ali ndi galimoto ndi kandalama amayamba kuganiza za kuno kumapiri. Akabwera ku Ulónguè kuukwati kapena kumaliro, n'kugona usiku umodzi atafunda bulangete, m'mawa mwake funso limakhala limodzi: "Kodi kuno malo amapezeka?" Sakufuna pobzala chimanga ayi. Akufuna kachitunda koti akakhala pakhonde aziona phiri la Dómuè, kufupi ndi msewu, kufupi ndi madzi, kuti amangepo nyumba yodzapumulirako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka.

Ife a ku Angónia mlendo sitidana naye. Kuwawa kwa chilendo timakudziwa. Nkhondo itafika povuta m'zaka za m'ma 1980, midzi yathu yambiri inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo abale a kumeneko anatipatsa pogona mpaka mtendere wa mu 1992 utabwera. Koma mlendo amene timamudziwa ife amafika, n'kupereka moni, n'kukhala pakati pathu, maliro akagwa n'kudzagona nafe pasiwa. Wa masiku anoyu akufika ndi waya waminga ndi mizati ya simenti, n'kutchinga, n'kukhoma loko, n'kubwerera kwawo. Izi ndi zimene tikudandaula m'misika, m'madimba ndi panjira pochokera kutchalitchi.

Nkhani zake zimafanana pafupifupi mudzi uliwonse. Wogula sabwera nthawi yokolola, nkhokwe zili zodzaza. Amatuma dobadoba wake mu Januwale kapena Febuluwale, ufa utatha m'nyumba, ngongole ya feteleza ikudikira, sukulu zikutsegulidwa ndipo ana akufuna makope ndi mayunifolomu. Dobadobayo sapita kwa mbumba yonse. Amasankha munthu mmodzi, kawirikawiri malume amene amayang'anira malo a banja, n'kukhala naye pamowa, n'kumuonetsa ndalama zimene sanazigwirepo chibadwire. Alongo ake, amene mundawo anaulandira kwa amayi awo ndipo amayembekeza kudzausiyira ana awo, amadzadziwa tsiku limene anyamata ayamba kukumba maenje a mpanda. Akafunsa, yankho lake ndi lakuti, "Pepani achemwali, zinatha kale, mapepala tinasaina."

Mapepala ake ati? Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo lomveka bwino pa nkhaniyi. Malamulo aakulu a dziko amati nthaka ndi ya Boma, siigulitsidwa ndipo siiperekedwa chikole. Lamulo la malo la mu 1997, la nambala 19/97, limanena zomwezo. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timati DUAT. Ndipo lamulolo linatiganizira ife anthu wamba. Amene akulima malo motsata mwambo wa makolo ali nayo kale DUAT ngakhale alibe chikalata chilichonse. Nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka khumi ili nayonso. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa pakabuka mlandu. Koma ogulawo anapeza kale polowera. Popeza munthu amaloledwa kugulitsa zimene wamanga kapena kubzala, pa chikalata chogulitsirana, declaração, amalemba kuti agula mitengo ya mapichesi, mabulugamu angapo ndi kanyumba kaudzu. Ndalama zimene zaperekedwa ndi za munda wonse, ndipo aliyense amene wadinda chala papepalapo akudziwa chimene chapita.

Lamulo lomwelo limatinso Boma lisanapereke DUAT kwa munthu wochokera kwina, pachitike consulta comunitária, msonkhano wofunsa eni dera ngati malowo alibe mwini. Ambiri a ife misonkhano imeneyi timangoimva itachitika kale. Amaitana a mfumu, nduna zawo, wogulitsayo ndi anzake. Chikalata amawerenga m'Chipwitikizi, chimene agogo athu samva, kenako pepala n'kuzungulira. Amayi amene amatunga madzi pamenepo palibe anawaitana. Oweta ng'ombe palibe anawaitana. Si mafumu onse amene amavomera zimenezi, alipo amene amakana n'kunena kuti malo a mbumba sangakambidwe mbumbayo palibe. Koma mfumu imodzi ikangofooka, mudzi wonse umalira, ndipo mlandu wake ukafika kuboma, mawu a pepala amalemera kuposa mawu a nkhalamba ngakhale lamulo silitero.

Chotiwawa kwambiri n'chakuti wogulayo akayang'ana malo athu amati ndi thengo, palibe akuligwiritsa ntchito. Kwathu kuno kulibe malo ongogona. Tsala limene akuliona lili ndi udzu wautalilo ndi munda umene tikuupumitsa, ndipo udzuwo ndi umene timafolera nyumba ndi zigafa za fodya. Dambo ndi podyetsa ng'ombe zokoka ngolo, ndipo mvula ikatha ndi pomwe pali madimba athu: kabichi, tomato, anyezi, kachewere amene amadzaza malole opita ku Tete ndi ku Beira ndi kudzaza msika wa Lizulu. Kanjira kamene kakudutsa pakati pa tsalalo kali ndi eni ake. Ndi kamene ana amadzera popita kusukulu, mayi wosenza chimanga popita kuchigayo, ndi onyamula wodwala usiku popita kuchipatala. Mpanda umodzi ukakadula, onsewa amazungulira mpaka kale. Nkhalango yaing'ono imene mlendo waikonda chifukwa cha mthunzi wake nthawi zambiri imakhala manda, ndipo penapake pafupi pali dambwe, malo amene ngakhale mwana wa pamudzi pomwepo safikako wamba. Kodi tizikapempha kiyi kwa mlonda kuti tikasese pamanda a makolo athu?

Ndiye pali akasupe. Angónia ndi dziko la akasupe, ndipo wogula aliyense amafuna kuti kasupe akhale mkati mwa mpanda wake. Komatu lamulo la mu 1997 limati malo ofika mamita 100 kuzungulira kasupe ndi otetezedwa, ndipo munthu sangapatsidwe DUAT pamenepo. Ife ambiri tinalidziwa mochedwa lamuloli, ndipo ogwira ntchito yoyeza malo, amene amalidziwa bwino, sitiwaona akuchotsa waya pakasupe.

Kumene njira imeneyi ikulowera tikukudziwa, chifukwa anzathu anadutsa kale momwemo. Anthu athu a geni ya nsomba amatsika Khwekhwerere kudzera ku Golomoti kukapikula usipa ndi utaka kunyanja ya Malawi. Akabwerako amatiuza za ku Mangochi ndi ku Senga Bay ku Salima: mtunda wautali m'mbali mwa nyanja ndi mipanda yokhayokha, makoteji a makampani ndi a anthu olemera a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Asodzi akupanikizana padoko limodzi, poyanika makoka ndi nsomba pakuchepa, ndipo amayi opita kukachapa amadutsa kampata pakati pa makoma awiri. Mwana wobadwira m'mphepete mwa nyanja amathamangitsidwa pamchenga umene agogo ake ankakokerapo bwato. Mu 2022 dziko la Malawi linasintha lamulo lake la malo n'kukhwimitsa za kugulitsa malo kwa anthu akunja, koma makoma aja anali ataima kale, ndiponso ambiri mwa eni ake ndi Amalawi omwewo. Kunyanja yathu ya mchere zili chimodzimodzi. Ku Ponta do Ouro, ku Bilene, ku Tofo ndi ku Vilankulo kuli nyumba zambiri zopumulirako za anthu ochokera ku South Africa ndi ku Maputo. Lamulo limati mamita 100 kuchokera pamene mafunde amalekezera ndi malo otetezedwa, limatinso munthu wakunja sangalandire DUAT asanakhale m'dziko muno zaka zisanu. Koma anthu amazemba polembetsa dzina la mnzawo wa konkuno, ndipo msodzi ndiye amatsala panja. Kunoko nyanja tilibe. Chimene akufuna kwa ife ndi mphepo yozizira ndi mapiri, koma mapeto ake tikuopa kuti adzakhala omwewo.

Amatiuza kuti nyumbazi zibweretsa chitukuko ndi ntchito. Ntchito zake zikuoneka: amisiri kwa miyezi ingapo, kenako mlonda mmodzi ndi wotchetcha kapinga. Nyumba imakhala yotseka pafupifupi chaka chonse, mawindo ali gwa, eni ake n'kudzafika masiku ochepa atanyamula chakudya chawo chochokera kutauni. Munda womwewo ukanakhala wa kachewere bwenzi ukudyetsa banja, ukupereka ganyu kwa okumba ndi osenza, ukudzaza ngolo ya woyendetsa ng'ombe ndi lole ya wopikula. Ndipo taona anthu amene anagulitsa munda wa amayi awo akubwerera pomwepo kudzapempha ulonda. Ndalama zija zinagula njinga yamoto ndi malata, njingayo inafa, munda sunabwerere.

Amene akuvutika kwambiri ndi achinyamata. Angónia ndi boma la anthu ambiri, ndipo minda yakhala ikugawidwa mpaka kutsala timagawo. Kale mnyamata akakwatira, akuluakulu ankamulozera pamene angalime. Lero malume amaganiza kawiri, chifukwa wamva mtengo umene mnzake analandira kwa bwana wa ku Tete. Ngakhale kubwereka munda kwa chaka chimodzi kwakwera m'madera a kufupi ndi msewu. Mwana wa mlimi sangapikisane ndi munthu wolandira malipiro a kumigodi ya malasha. Ndiye ana athu akupita, ena kukasenza katundu m'misika ya ku Tete, ena ku Joni, kusiya nthaka yachonde imene ikumera maluwa ndi kapinga kuseri kwa waya.

Kulandidwa malo si kwachilendo kwa ife. Atsamunda anatenga malo abwino a kumapiri kuno. Ufulu utabwera mu 1975, minda imeneyo sinabwerere kwa eni ake, inapita ku CAIA, kampani ya Boma ya ulimi, ndipo itagwa m'nthawi ya nkhondo mikangano yake inatenga zaka. Kumunsi ku Moatize, mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010 kuti migodi ya malasha itsegulidwe, ambiri n'kukaikidwa ku Cateme, ndipo mu 2012 anthuwo anatseka njanji chifukwa cha kuipa kwa nthaka ndi nyumba zimene anapatsidwa. Zimenezo zinamveka dziko lonse chifukwa zinachitika kamodzi n'kamodzi. Zathuzi zikuchitika ngati chiswe m'nkhokwe, hekitala imodzi uku, ziwiri uko, popanda wowerengera, ndipo podzazindikira mudzi wonse wazunguliridwa.

Sitikupempha zachilendo. Tikupempha zimene zili kale m'lamulo. Consulta ichitike poyera, m'Chichewa, italengezedwa m'matchalitchi ndi pawailesi ya m'dera, ndipo amayi akhalepo n'kulankhula. Asanakumbe dzenje loyamba la mpanda, oyeza malo ayende nafe tiwaonetse njira, kasupe, dambo ndi manda, zonsezo zitsale kunja. Mu 2015 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Terra Segura n'cholinga chopereka zikalata za DUAT zokwana 5 miliyoni; zikalatazo zifike m'midzi yonse ya ku Dómuè ndi ku Ulónguè, ndipo zilembedwe m'maina a amene akulimadi, kuphatikizapo amayi. Amene akufuna kupumula kuno abwere, tiwalandira. Ulónguè ndi município, tauni yokhala ndi khonsolo yakeyake, kuyambira 2008, ali ndi ofesi yake yogawa mapuloti, ndipo nyumba zogona alendo ziliko. Akamange kumeneko, minda atisiyire.

Ndipo inu amalume, inu a mfumu athu, galimoto ija ikadzaima pakhomo panu, musagwire cholembera musanaitane mbumba yonse. Munda umenewo anakusungitsani, ndipo eni ake ena sanabadwe.