Makhadi a Mafuno Abwino Pophunzitsa Chingerezi

Ntchito zambiri zolemba zimene timapatsa ana m'phunziro la Chingerezi zimawerengedwa ndi munthu mmodzi yekha: mphunzitsi amene wagwira cholembera chofiira. Mwana amalemba kalata yopita kwa bwenzi longopeka, akudziwa bwino lomwe kuti kalatayo sidzatuluka m'kope mwake. Maganizo anga ndi akuti khadi la mafuno abwino lingachepetse vuto limeneli, popeza lili ndi mwini wake weniweni amene adzalilandire ndi kuliwerenga.

Mwambowu unakula ku Britain. Khadi loyamba la Khirisimasi losindikizidwa kuti ligulitsidwe linatuluka ku London m'chaka cha 1843. Henry Cole ndiye anapempha John Callcott Horsley kuti alijambule, ndipo makhadi 1,000 anasindikizidwa, lililonse pa mtengo wa shileni imodzi. M'chaka cha 1840 mtengo wotumizira kalata m'dzikolo unali utatsitsidwa kufika pa kobiri limodzi, motero m'kupita kwa nthawi mwambowu unafala.

Ena adzati uwu ndi mwambo wachilendo, ndiponso masiku ano anthu amangotumizirana uthenga pa lamya. Nzoona. Komabe kufunirana zabwino si kwachilendo kwa ife. Timazonda odwala, timakapepesa maliro, timayamikira mayi amene waona mwana. Chimene mwana akusowa ndi mawu a Chingerezi oyenera nthawi iliyonse, ndipo mawu omwewo adzawafuna ngakhale polemba pa lamya.

Taonani chitsanzo ichi. Liwu lathu lakuti "pepani" limakwanira kwa wodwala, kwa wofedwa ndi kwa amene wapunthwa. Mwana akalimasulira amangolemba "sorry" paliponse. Khadi limamukakamiza kusiyanitsa: kwa wodwala alembe "Get well soon", kwa wofedwa "With deepest sympathy". Momwemonso amaphunzira kuti timati "Congratulations on your wedding", ndi kuti kwa mnzake wolemba mayeso a Sitandade 8 timati "I hope you pass", osati "I wish you to pass". Ziganizozi n'zazifupi, choncho ngakhale mwana wofooka angathe kuzilemba popanda cholakwa, nakondwera nayo ntchito yake.

Za ndalama musade nazo nkhawa. Pepala la m'kope lopindidwa pakati ndi lokwanira. Koma samalani zinthu zitatu. Choyamba, musalembe uthenga umodzi pabolodi kuti onse akopere. Mwana aliyense awonjezepo chiganizo chake chokhudza munthu amene akumulemberayo. Chachiwiri, konzani zolakwa papepala loyeserera, osati pakhadi lenilenilo, pakuti palibe amene angapatse mayi ake mphatso yodzaza ndi inki yofiira. Chachitatu, dziwani ana anu. Pa Tsiku la Amayi, pa 15 Okutobala, mwana wamasiye aloledwe kulembera agogo kapena azakhali amene akumulera. M'sukulu za ku Mangochi kapena Machinga, kumene ana ambiri ndi Asilamu, khadi la Eid likhale ndi ulemu wofanana ndi la Khirisimasi.

Inu amene mukupita kukayesera kuphunzitsa, yesani ntchitoyi kamodzi pa teremu, ndipo muonetsetse kuti makhadiwo afikadi kwa eni ake. Ngati agogo sadziwa Chingerezi, mwanayo awawerengere ndi kuwamasulira. Pamenepo adzaona yekha kuti Chingerezi si cha mayeso okha, koma chiyankhulo chimene anthu amalankhulirana.