MWANA AKASOWA M'NYUMBA, MLANDU SULI WA MKAZI YEKHA



Sabata yatha mkulu wina wa ku Rimuka anafika ku ofesi kudzapempha chuthi. Anati afuna kukatula mkazi wace kwa ankhoswe ku Dedza, cifukwa zapita zaka 6 m'nyumba mopanda mwana. Ndinamfunsa kuti, "Nanga inu, Bambo, munakapimitsa kwa dotolo?" Iye anaseka nati, "Iwe mabalane, mwamuna sapimidwa."

Mau amenewa anandikhala pamtima. Madotolo anena kuti pa mabanja osowa ana, pafupi-fupi theka bvuto likhudza mwamuna. Ndipo codabwitsa n'cakuti mbeu ya mwamuna ikhoza kuonongeka iye asanabadwe.

Cimene cicitika ndi ici. M'mwazi mwathu muyenda timadzi tochedwa mahomoni, tonga amesenjala onyamula kalata. Mimba ikafika pa masabata 8 kufikira 14, homoni ya testosterone iuza thupi la mwana wamwamuna kuti limange ziwalo zopanga mbeu. Tsono alipo mankhwala ena amene atsekereza mesenjalayo panjira. Mwana abadwa wooneka bwino, akula, nagwira nchito pansi pa mgodi ndi mphamvu zace zonse. Koma atakwatira mpomwe cidziwika kuti mbeu zace n'zocepa.

Taonani DDT. M'dziko lino anampopera kwambiri pophera kashembe ku cigwa ca Zambezi, ndi udzudzu m'nyumba. Mankhwalawa akhala m'mafuta a thupi zaka zambiri, ndipo mai awapatsira mwana ali m'mimba. Ku Thohoyandou, m'cigawo ca Limpopo ku South Africa, madotolo anapima ana aamuna 3,310 obadwa m'zaka za 2004 kufikira 2006. Ana a amai ocokera m'midzi yopoperedwa DDT anapezeka ndi zilema za ziwalo za umuna kawiri-kawiri koposa anzao. Mu 2007 anaonetsanso za anyamata 311 a ku Limpopo komweko: amene anali ndi DDT wambiri m'mwazi, mbeu zao zinali zofooka.

Kuti msinkhu wa mwana ndiwo uli ndi kanthu, tiphunzira ku Italy. Mu 1976 fakitale ya mankhwala ku Seveso inatulutsa utsi wa poizoni wochedwa dioxin. Patapita zaka 22 anapima amuna a kumeneko. Amene utsiwo unawapeza ali ndi zaka 1 kufikira 9 anali ndi mbeu zocepa, koma amene unawapeza atakula kale sanasinthe ai.

Nanga ife kuno? Kadoma, Chegutu ndi Sanyati ndi dziko la thonje, ndipo thonje lidya mankhwala ambiri. Ena mwa iwo, monga endosulfan, maiko anagwirizana kuwaletsa mu 2011. Koma madzi akasowa m'mipopi ya ku Rimuka, kodi sitiona zigubu zimene munali mankhwala a m'munda zitasanduka zotungira madzi akumwa? Ndiponso ena aocha golide ndi mercury pa mbaula yomwe aphikirapo nsima, mkazi wapakati ali pomwepo. Utsi wa mercury uononga bongo wa mwana wosabadwa.

Cotero ndikupemphani zinthu izi. Cigubu ca mankhwala ciboolereni pansi, cisalowenso m'nyumba, ngakhale mutacitsuka cotani. Mkazi wapakati asapopere m'munda, ndipo asacape obvololo yanu ya kunchito pamodzi ndi matewera. Musagule mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu a m'timabotolo topanda dzina. Golide musaochere m'nyumba.

Koma musandimve molakwa. Malungo apha ana lero lomwe. A zaumoyo akabwera kudzapopera, atsegulireni, ingotulutsani zakudya ndi ziwiya, ndipo mudikire panja monga akuuzani. Amai nawo asaleke kuyamwitsa, pakuti palibe cakudya coposa bere.

Mkulu uja ndinamlembera chuthi ca masiku awiri okha, osati ca ku Dedza, koma ca kucipatala, iye ndi mkazi wace pamodzi. Wabvomera monyinyirika. Zimene dotolo adzapeza ndi zao awiriwo. Koma mwana wanu wamwamuna amene ali m'mimba lero sangadzichinjirize yekha, ndipo adzukulu anu adzacokera mwa iyeyo.

Tsalani bwino, tidzaceza sabata ya mawa.

Ndine wanu,
Mabalane