MABUKU A BOMA ALANKHULANE, KOMA CITUPA CISABWERENSO

Abale ndi alongo a m'makomboni, inu amene mugwira nchito ku Lusaka, ku Kabwe ndi ku Migodi koma kwanu ndi kwa Mfumu Ndake, ku Nyimba ndi ku Petauke, tamverani. Lero tiri kunena za mabuku a Boma. Wina adzati, "Za mabuku nza akalaliki, ife tifuna unga." Iai mbale. Mabuku amenewa akasokonezeka, amene alipira ndinu, ndi ndalama zija mutumiza kumudzi pakutha pa mwezi.

Tiyerekeze mtsikana wamasiye wa kwa Ndake, wokhala ndi ambuya ace. Dzina lace liri m'buku la mfumu ya mudzi. Liri pa kadi la kusikelo ku cipatala. Liri m'buku la mphunzitsi. Ambuya ace analembedwa kuti azilandira ndalama za Social Cash Transfer, ndipo analembedwanso kwa a zamalimidwe cifukwa ca feteleza. Banja limodzi, mabuku asanu! Tsiku lina yunifomu yang'ambika, sopo palibe, mtsikana waleka sukulu. Mphunzitsi alemba kuti sanabwere. Kodi a Social Welfare pa boma la Nyimba amva? Ngati mabukuwo salankhulana, sakumva. Mwana atayika ali wolembedwa. Inu ku Matero kapena ku Chawama mudzangomva pa foni kuti tumizani ndalama, kapena kuti mwana uja anamkwatitsa.

Nkhaniyi yakula masiku ano cifukwa ndalama zogawa zaculuka. M'January 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira Grade 12, ndipo ana anadzaza makalasi. Caka comweco linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iri yonse, ndipo zina mwa izo nzolipirira ana osauka ku masukulu ogonera komweko. Tsono tifunse: mphunzitsi watsopano apite sukulu iti? Madesiki atsike pati? Mwana woyamba kuthandizidwa akhale yani? Zonsezi ziweruzidwa ndi ciwerengero. Ciwerengero cikakhala cabodza kapena cakale, sukulu ya m'mbali mwa Great East Road idzadya kawiri, ya kutali ku cigwa ca Luangwa nkugona ndi njala.

Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tiri anthu oposa 19 miliyoni. Koma kalembera abwera patapita zaka khumi kapena kuposa. Unduna wa Maphunziro uwerenga ana m'masukulu caka ndi caka. Ncabwino. Koma kudziwa kuti ana angati aleka sukulu ndi cinthu cina, kudziwa kuti mwana uti waleka, wa pa khomo la yani, ndi cinanso. Ciwerengero cithandiza Nduna pokamba mu Nyumba ya Malamulo. Dzina ndilo libweza mwana m'kalasi.

Asatinamize munthu kuti nzosatheka. Social Cash Transfer inayamba pang'ono ku Kalomo mu 2003, lero ifika m'maboma onse. Pa nchito ya Keeping Girls in School, imene World Bank inaikapo ndalama, atsikana asankhidwa kucokera m'mabanja olembedwa pa Social Cash Transfer, ndipo a Maphunziro awathandiza kukhala ku sekondale. Apo mabuku awiri analankhulana, ndipo atsikana anapindula. Boma liri ndi ZISPIS, kaundula wa pa kompyuta wa olandira cithandizo, ndiponso INRIS, kaundula wa mareji amene atenga zidindo za zala. Ife tikuti: mangani mlatho pakati pa zimenezi ndi buku la mphunzitsi.

Koma nyumba siyambira ku denga. Kufufuza kwa Boma kwa mu 2018 kunaonetsa kuti mwa ana 100 osafika zaka 5, ana 14 cabe ndiwo analembetsedwa kubadwa kwao. Reji munthu atenga atafika zaka 16. Nanga zaka zonse za pulaimale mwana adziwika ndi ciani? Ku cipatala amlemba dzina la atate ace, ku sukulu la amalume ace, ndipo kompyuta iyesa kuti ndi ana awiri.

Tsopano tinene mbali yina, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Makolo athu anawadziwa mabuku a Boma. Bwana D.C. anali ndi buku la msonkho, mesenjala anali kuliyendetsa m'midzi, ndipo mwamuna wopita ku Migodi sanali kuyenda popanda citupa. Buku lija silinalembedwe kuti limdyetse munthu, linalembedwa kuti limgwire. Nciwawa ca buku lotere cimene cinacititsa anthu kutentha zitupa mu 1961. Mdzukulu wa anthu amenewo ayenera kufunsa: kaundula watsopanoyu asunga ndani? Aona ndani? Kodi sadzakhala cikwapu ca cipani cina pa nthawi ya masankho, kuti uyu ngwathu alandire, uyo si wathu acotsedwe?

Ndiponso kompyuta siletsa dzanja lalitali. Mu 2018 kunamveka kuti ndalama za Social Cash Transfer zoposa madola 4 miliyoni sizinafike kwa eni ace. Britain ndi maiko ena anaimitsa cithandizo, ndipo President Edgar Lungu anacotsa Nduna ya unduna umenewo. Maina a nkhalamba anali m'buku, koma m'thumba mwao munalibe kanthu.

Cotero ife tifuna zinthu zinai.

COYAMBA, mwana ali yense alembetsedwe pobadwa, pa cipatala ca kwao komweko, ndipo nambala yace imtsate ku sukulu.

CACIWIRI, mwana wa banja lolandira cithandizo akasowa m'kalasi, mau afike kwa a Social Welfare temu isanathe.

CACITATU, munthu ali yense aloledwe kuona zimene zalembedwa za iye ndi kukonzetsa colakwa, pa Cinyanja kapena Cinsenga, osalipira ngwee. Lamulo la Data Protection la 2021 lipereka mphamvu yoona ndi kukonzetsa zimene zalembedwa za munthu. Lisagone m'kabati ku Lusaka. Za matenda a munthu zikhale ku cipatala, zisayende m'maofesi onse.

CACINAI, dzina lisafafanizidwe mseri. Wocotsedwa auzidwe cifukwa cace, ndi kumene angadandaule. Pepala likhalepo pambali pa kompyuta, pakuti tonse tikumbuka mdima wa 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba magetsi nkumazima.

Nanga inu anchito mucitepo ciani? Mukapita kumudzi pa chuti, musangonyamula suga ndi citenje. Funsani ngati ana a pa khomo ali ndi satifiketi ya kubadwa. Onani ngati dzina la pa kadi la cipatala ndi la ku sukulu ndi limodzi. Pitani nao ambuya kwa a komiti ya CWAC mukamve ngati dzina lao likalipo. Funsani kansala ndi a komiti ya wadi kuti ana a basare ya CDF anasankhidwa motani. Inu mudziwa kuwerenga pepala la malipiro anu ndi kutsutsa kapitao akalakwitsa maola. Nzeru yomweyo ipite kwa Ndake.

Msonkho umene upanga mabukuwa ucoka pa malipiro anu. Mabukuwa nganu. Afunseni!