Mayi analuka chipewa, ife ophunzira tinangoti zii

Azichemwali, lero ndikamba nkhani imene ambiri mukaiona mumangodutsa ngati simunaione. Amene mukufuna kunditukwana, chonde yambani mwawerenga mpaka kumapeto.

Kwathu kuno kwa Nazombe, ku Phalombe, tili ndi kagulu ka amayi kamene timakumana Lachinayi lililonse. Tikatha kusonkha za banki mkhonde timakhala pamkeka n'kumaluka zipewa za makanda, masokosi, mashawelo ndi majuzi a ana asukulu. Amene munafikako kuno mu June kapena July mukudziwa mmene chiperoni chimatsikira kuchokera kuphiri la Mulanje. Nyengo imeneyo zoluka zimayenda malonda pa Chiringa.

Mayi wina wa m'gululi, sinditchula dzina kapena mudzi, ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 19. Chaka chatha amalume ake anaona mauthenga pafoni ya mnyamatayo n'kudziwa kuti amakondana ndi mnyamata mnzake. Usiku womwewo anamumenya, zovala n'kumuponyera panja, amvekere pa mbumba yawo palibe malo a zoterezo. Mwana anathawira ku Limbe, komwe anagona pakhonde la sitolo mpaka wina atamumvera chisoni.

Mayiyu anakhala masabata osayankhula. Kenako anayamba kuluka chipewa. Kunja chakuda bii, koma mkati mwa mpindiro anaikamo timizere ta ulusi wofiira, wachikasu, wobiriwira, wabuluu, mitundu ya utawaleza. Tanthauzo lake anamuuza ndi mdzukulu wake wa kusekondale. Mayi wina ataona anafunsa mokweza: "Kodi anzathu mwayamba zausatana?" Iye osakweza n'komwe mutu anati: "Chipewa chake choyamba ndinaluka ali m'mimba, ndipo sindinamufunse kuti adzakonda ndani. Lero ndiyambe kumufunsa?"

Ine ndinali pomwepo. Ine wa digiri, amene ndimayenda m'midzi kuphunzitsa za nkhanza ndi maukwati a ana, ndinangoyang'ana pansi n'kumawerenga ndalama za gulu. Ndinaopa kuti anena kuti nanenso ndine wotero, kapena kuti azungu andipatsa ndalama. Mayi amene analekeza sitandade 5 anandiposa kulimba mtima. Manyazi amenewo ndi amene andilembetsa izi.

Tiyeni tione zifukwa zimene timabisalamo.

Timati si chikhalidwe chathu. Chabwino. Koma lamulo limene timalinyadirali, ndime 153 ya Penal Code imene imapereka zaka 14 kundende, anatisiyira ndi atsamunda a ku Britain. Eni akewo anayamba kulichotsa kwawo mu 1967, ife tikulisungabe ngati chuma cha agogo. Kuchokera kwa Nazombe malire a Mozambique sali kutali, ndipo kutsidyako kuli Alomwe anzathu, abale athu enieni. Dziko lawo linachotsa mlandu umenewu mu 2015. Kodi iwo anasiya kukhala Aafirika? Botswana nayo khoti linauchotsa mu 2019. Ndipo ngati tikunena za chikhalidwe, kuno mwini mbumba ntchito yake ndi kuteteza ana a mlongo wake. Ndi mwambo uti umene umati malume aziponya zovala za mphwake panja usiku?

Timati sizikutikhudza ife akazi. Bodza limenelo. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inawonjezera ndime 137A, ndipo Bingu wa Mutharika anaisainira mu 2011. Ndimeyi inalembedwera akazi: mkazi wopezeka ndi mkazi mnzake atha kukakhala kundende zaka 5. Ndiye taganizani mtsikana wotero akagwiriridwa ndi mwamuna amene akuti akufuna "kumukonza". Apita kupolisi kukanena chiyani, pomwe akuopa kuti mlandu umutembenukira? Ena amakakamizidwa kukwatiwa kuti banja lisachite manyazi. Si ukwati wokakamiza womwe uja timaguba nawo m'misewu masiku 16 olimbana ndi nkhanza? Kapena nkhanza zimakhala nkhanza pokhapokha wozunzidwayo akakhala wotisangalatsa ife?

Timati mpingo sulola. Ndikudziwa, ndipo tonse tinaona atsogoleri a zipembedzo akuguba mu July 2023. Sindikukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu. Ndikungofunsa: chikhulupirirocho chimakulamulani kumenya mwana? Chimati agone panja ku Limbe? Munthu utha kukhala ndi mafunso mumtima koma n'kumupatsabe mwana nsima ndi pogona.

Ena muti, aaa, chipewa chingasinthe chiyani? Lamulo sichisintha, zoona. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chawo ku Blantyre, anthu akuwakuwiza pakhoti ngati aona chilombo. Anakhululukidwa ndi pulezidenti pomwe Ban Ki-moon anabwera, koma lamulo linatsala. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, ndipo ndimezo zilipobe. Ndiye ngati khoti latseka chitseko, mpingo watseka, amalume atseka, mwana watsala ndi chitseko chimodzi basi, cha mayi ake. Chipewa chija chinali uthenga woti chitsekocho sichinatsekedwe. Mwana wodziwa kuti pali munthu mmodzi amene sanamutaye amakhala ndi chifukwa chodzukira mawa.

Koma muonenso nzeru za mayiyu. Mitundu ija anaibisa mkati, osati kunja. Amadziwa kuti chipewa cha utawaleza mu minibasi ya ku Limbe chitha kumuphetsa mwana. Ife a m'tauni tiphunzirepo. Kuthandiza si kujambula selfie ndi mnzako n'kumuika pa Facebook iye asanavomere. Mnzako akakuululira, sunga pakamwa. Wina akatumiza chithunzi cha munthu pagulu la WhatsApp kuti mumuseke, osachitumiza kwina, ndipo muuze wotumizayo kuti zimenezo ndi nkhanza. Wina akathamangitsidwa kwawo, mkeka ndi bulangete si zodula. Mabungwe ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance alipo ndipo amagwira ntchito ndi anthu otere, muwadziwe musanawafune mwadzidzidzi.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawa mwana ameneyo atha kukhala mng'ono wako, kapena khanda limene ukulilukira masokosi lero. Udzatani?

Mnyamata uja anatumiza chithunzi atavala chipewa chake. Amalume sanasinthe maganizo, ndipo amayi awiri anasiya kukhala naye pafupi mayiyu pamkeka. Iye wagulanso ulusi, akuti tsopano akuluka juzi chifukwa ku Blantyre nakonso kumazizira. Lachinayi likubwerali ndikakhala pambali pake, ndipo wina akayambanso zija za usatana, ulendo uno ndiyankha ndine.