Kuwala kosaoneka kumene kumagwira mapiritsi abodza

Mwana akatentha thupi usiku kwa Jenala ku Phalombe, ndipo chipatala chili patali, mumathamangira pagolosale kapena kwa wogulitsa mankhwala pamsika. Koma mungadziwe bwanji kuti m'piritsi lomwe mwagulalo mulidi mankhwala?

Maso sangakuuzeni. Mu 2017, bungwe la WHO linati pa mankhwala khumi alionse m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, amodzi amakhala abodza kapena osakwana mphamvu. Mu 2022, ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia atamwa mankhwala a chifuwa omwe munali poizoni.

Njira imodzi yomwe mafakitale a mankhwala amadzitetezera nayo ndi near-infrared spectroscopy, mwachidule NIR. Makina amawalitsa pa piritsi kuwala kumene diso la munthu silikuona. Chinthu chilichonse cha m'piritsimo chimameza kuwalako mwa njira yakeyake, ndipo kumene kwabwerera kumajambula mzere pa kompyuta, ngati chidindo cha chala. Mzerewo ukasiyana ndi wa mankhwala enieni, ndiye kuti pali vuto. Zimatenga masekondi ochepa, ndipo piritsi silifunika kuphwanyidwa.

Kufakitale amayeza motere ufa wongofika kumene, chinyezi chake, komanso ngati wasakanizika bwino, kuti piritsi lina lisachuluke mphamvu pomwe linzake lili lopanda kanthu. Palinso timakina ta m'manja toti woyendera mankhwala angapite nato kumsika.

Komabe NIR si zonse. Imafuna chidindo cha mankhwala enieni choyerekezera, imavutika pomwe mankhwala m'piritsi ndi ochepa kwambiri, ndipo zomwe yakayikira zimakatsimikizidwabe ku labotale. Komanso piritsi lotuluka bwino kufakitale limatha kuonongeka likamakhalira padzuwa kapena pachinyontho.

Kuno kwathu, woyang'anira ubwino wa mankhwala ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kafukufuku wa Felix Khuluza ndi anzake wa 2017 anapeza kuti m'zipatala za boma ndi za mishoni za m'chigawo chakummwera, mankhwala abodza a malungo ndi opha tizilombo anali ochepa.

Choncho komwe mwatenga mankhwala n'kofunika. Yezetsani malungo kaye, landirani LA kuchipatala, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo pewani mapiritsi ogulitsidwa opanda paketi. Mwana akapanda kusintha atamwa mankhwala, bwererani naye kuchipatala mutanyamula paketiyo.