Kodi Ulemu Ngumodzi?

Mwana wa sukulu wa ku Linga kapena ku Chia akauzidwa kuti amasulire mawu a Chingerezi akuti manners, politeness, courtesy, etiquette, civility ndi respect, kawirikawiri amayankha ndi liwu limodzi lokha: ulemu. Mphunzitsi amachonga, mwana amakondwa, nkhani nkuthera pomwepo. Yankho lotere silabodza, komatu limaunjika nsomba zamitundumitundu m'dengu limodzi, chonsecho msodzi aliyense wa ku Nkhotakota amadziwa kuti usipa, utaka ndi chambo sizigulitsidwa pa mtengo umodzi. Kusiyanitsa mawu amenewa si nkhani ya mayeso chabe ayi. Kumathandiza munthu kuzindikira amene akumlemekezadi ndi amene akungomnyengerera.

Liwu lililonse mwa amenewa lili ndi kwawo. Loti manners linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza dzanja, ndipo limanena za kachitidwe ka zinthu: kadyedwe, kakhalidwe ka pamphasa, kalandiridwe ka mphatso. Loti politeness muzu wake ndi liwu lonena za chinthu chosalazidwa, monga mpini umene mmisiri waupala mpaka watha zobaya; tsono limeneli ndi kusalala kwa pakamwa. Loti courtesy linabadwira kumabwalo a mafumu a ku Ulaya, ndipo lero limanena za ulemu umene munthu amapereka mwa kufuna kwake, popanda womkakamiza. Loti etiquette ndi la Chifalansa, ndipo kale linkatanthauza kapepala kachizindikiro; ndilo dongosolo la pamalo, lonena woyamba kulankhula ndi woyenera kukhala pampando. Loti civility linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza nzika, ndipo ndiwo ulemu wochepetsetsa umene anthu okhala mudzi umodzi ayenera kupatsana ngakhale atadana. Loti respect, limene muzu wake ndi kucheukira munthu nkumuyang'ananso, ndilo lokhalo limene limafunsa za mumtima.

Pasakhale woganiza kuti Chichewa nchosauka pa nkhaniyi. Mlendo akaima pakhomo nanena kuti "odi", osalowa kufikira atayankhidwa, akutsata mwambo. Mwana akalandira chinthu ndi manja awiri, osanyanyala pamaso pa akulu, akuonetsa khalidwe. Mkamwini akamapatuka panjira poona apongozi ake akudza, pamenepo pali manyazi aulemu. Mayi akamaitanidwa kuti Naphiri kapena Nabanda, dzina lake laubwana osatchulidwa, akulemekezedwa pamodzi ndi mtundu wake wonse. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali umunthu, liwu limene Mngerezi amasowa nalo lofanana nalo ndendende. Akuluakulu akati uje si munthu, sanena kuti sadziwa kupereka moni; amanena kuti mnzake samuyesa kanthu.

Mbiri ya Nkhotakota yomwe ili ndi phunziro lowawa pa kusiyana kumeneku. M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 1863, David Livingstone anafika padoko limeneli, napeza amalonda a Chiswahili atakhazikika, akukhoma chombo chowolotsera katundu ndi anthu. Mtsogoleri wawo, yemwe anthu ankamutcha Jumbe, anamlandira mlendoyo monga mwa mwambo wa kugombe la Zanzibar, ndi moni wodekha ndi mphatso za chakudya. Mkuyu umene akuti anakambirana patsinde pake unasanduka chikumbutso cha dziko. Munthu wongoyang'ana kalandiridweko akadati panalibe chosowa: kusalala kwa pakamwa kunalipo, dongosolo la pabwalo linalipo, kuwolowa manja kwa mwini mudzi kunaliponso. Koma pafupi pomwepo panali amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kumtunda, akudikira kuwolotsedwa nyanja kuti akayende ulendo wautali wa ku Kilwa. Amenewo panalibe wowacheukira. Mlendo atachoka malondawo anapitirira kwa zaka zina makumi atatu, kufikira ulamuliro wa a Jumbe unatha cha m'ma 1895. Akale ananena zoona kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ukapolo unatha, koma ulemu wosankha nkhope sunathe. Padoko m'mamawa, wogula nsomba wina amagwadira mwini chilimira, namutcha bwana, pamene alovi amene agona panyanja usiku wonse akukoka khoka amawalankhula ngati ana. Wina amati "achimwene" ndi mawu okoma ngati uchi, uku ndowa yoyezera usipa ataifutukula kunsi. M'maofesi ena mlembi amadzuka msangamsanga akaona wovala tayi, koma gogo wochokera kwa Mwansambo, amene wayenda mtunda wautali ndi kalata m'manja, amauzidwa kuti abwere mawa popanda nkumuyang'ana komwe. Onsewa akafunsidwa adzati ulemu amaudziwa, ndipo sadzakhala akunama. Amadziwa ulemu wokwera, wopita kwa amene angawapatse kanthu kapena kuwalanga. Ulemu wotsika, wopita kwa amene sangabweze, ndiwo sanauphunzire.

Palinso chisokonezo china chimene chimapweteka ana, makamaka atsikana: kuyesa mantha ngati ulemu. Mwana amene amagwada, nazolika, nangoti "inde" pa chilichonse, amayamikiridwa kuti ngwoleredwa bwino. Koma mwana yemweyo akalakwiridwa ndi wamkulu, kaya pakhomo kaya kusukulu, amasowa polankhulira, chifukwa anaphunzitsidwa kuti kutsutsa wamkulu ndi mwano. Ulemu weniweni sutseka munthu pakamwa. Pabwalo la milandu la kumudzi, munthu wamba amaomba m'manja, napempha mwayi wolankhula, kenaka nkunena mosapsatira kuti nduna yalakwitsa. Ndipo palibe amene amati wachita chipongwe.

Ena, makamaka achinyamata, pomva zimenezi angati: ngati za kunjazi zingathe kukhala chinyengo, bwanji osangozitaya, nkusunga za mumtima zokha? Amenewa akulakwa. Mtima suoneka, ndipo mlendo sangadziwe kuti walandiridwa ngati palibe womyalira mphasa. Ndiponso ulemu wochepetsetsa uja uli ndi ntchito yaikulu. Kuyambira 1894, pamene amishoni a Anglican anakhazikika ku Nkhotakota pakati pa Asilamu ambiri, mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana. Anthu osiyana chipembedzo chotere sayembekezeka kugwirizana pa zonse, koma akamapatsana moni panjira, akamakhuzana maliro, akamapewa kuikira mlendo ndiwo zimene chipembedzo chake chimaletsa, mudzi umakhala pamtendere. "Zikomo" ndi "pepani" ndi timawu tating'ono, koma taletsa ndewu zambiri padoko ndi pamsika.

Chofunika tsono si kusankha pakati pa za pamaso ndi za mumtima, koma kudziwa chachikulu ndi chiti. Mwambo umasintha ndi malo: kugwada kumene kuli koyenera kwa Malengachanzi kungadabwitse anthu ku London, ndipo kuyang'ana wamkulu m'maso, kumene Mzungu amakuyesa chizindikiro cha kuona mtima, kumudzi kungatengedwe ngati mwano. Umunthu wokha ndiwo susintha pooloka nyanja.

Nchifukwa chake aphunzitsi a Chingerezi ndi a Chichewa, zilankhulo ziwiri zimene boma linaziika patsogolo m'chaka cha 1968, angachite bwino kuleka kulandira liwu limodzi lija ngati yankho lokwanira. Mwana afunsidwe kuti ulemu wake ndi uti: wa dzanja, wa pakamwa, wa pabwalo kapena wa mumtima. Makolo nawonso asakhutire poona mwana akugwadira alendo olemera. Ayang'anitsitse m'mene amalankhulira ndi wantchito, ndi wopempha, ndi mng'ono wake. Kumeneko ndiko kumadziwikira ngati pakhomo paleredwa munthu, kapena wongodziwa kupereka moni.